Mutu Wofiila ndi Woyela: Mbili ya Kapulagi Kamene Tonse Tinagwilapo

M'nyumba zambili za mu komboni muli nthambo ya mitu itatu: wofiila, woyela ndi wacikasu. Timailumikiza kumbuyo kwa TV, DVD kapena dikoda popanda kuiganizila. Koma kapulagi aka n'kakale kuposa agogo ambili amene ali moyo lelo, ndipo sikanapangidwile TV. Kanapangidwila galamafoni.

Dzina lake ndi RCA, cidule ca Radio Corporation of America, kampani imene inayamba mu 1919. M'zaka za m'ma 1930, mabanja ambili ku America anali ndi wailesi yokhala ndi sipika yabwino. Kampaniyi inaika kabowo kumbuyo kwa mawailesi ake kuti munthu alumikizepo galamafoni n'kumvela malekodi pa sipika yomweyo. Kapulagi kake kanali kochipa komanso kosavuta: kacitsulo kosongoka pakati, ndi mphete yocizungulila.

Mpangidwe umenewu unatengela nthambo imene imalowamo. Mu 1880, Oliver Heaviside wa ku England analembetsa mwalamulo nthambo ya coaxial, imene ili ndi waya umodzi pakati, cochinga, kenako mkuwa wokuta zonse. Waya wapakati ndiwo umanyamula mau, ndipo mkuwa wakunja umauteteza ku phokoso la magetsi ena a m'nyumba. Pa galamafoni citetezoci n'cofunika kwambili. Singano ikamayenda m'mizela ya lekodi, mphamvu imene imatuluka ndi mamilivolti ngati 5 cabe, pamene CD imafika pa mavolti 2. Mau ofooka conco sacedwa kuphimbika.

Mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa lekodi yaikulu ya LP, ndipo mu 1949 RCA Victor inayankha ndi kalekodi kang'ono ka 45. Pofika mu 1958 malekodi a stereo anayamba kufala, conco pulagi imodzi sinakwanenso. Mpamene mitu inakhala iwili: wofiila wa sipika ya kumanja, woyela wa kumanzele. Wacikasu, wa zithunzi, unabwela pambuyo pake. Cilema cimodzi cokha sicinasinthe. Kacitsulo kapakati n'katali, motelo kamagunda mphete isanagwile. N'cifukwa cake sipika imalila koopsa mukalumikiza nthambo ampu ili yoyaka.

Kuno kwathu, nthambo izi zinanyamula nyimbo zathu. M'zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambili pa wailesi zikhale za a Zambia. Ku Ndola, kampani ya Teal inali kudinda malekodi. Mu 1975 gulu la WITCH linatulutsa Lazy Bones!!, ndipo Amanaz inatulutsa Africa. Paul Ngozi ndi Ngozi Family anatsatila ndi Day of Judgement mu 1976. Mtengo wa mkuwa utagwa, ndalama zinasowa. Makaseti anabwela, ndipo magalamafoni anakankhidwila pansi pa bedi. Lelo anthu a kunja amasakasaka malekodi a Zamrock, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso ambili a iwo.

Apa mpamene pali nkhawa yanga. Mnyamata akapeza galamafoni ya agogo n'kuiyatsa, nthawi zambili amangomva kung'ung'uza, kapena sipika imodzi yokha. Amati yafa, n'kuipeleka kwa ogula zitsulo, malekodi n'kutayidwa pamodzi. Koma kawilikawili cimene caduka ndi kawaya mkati mwa pulagi. Kung'ung'uzako ndi magetsi a m'nyumba, amene kuno amasinthasintha ka 50 pa sekondi, alowa cifukwa mkuwa woteteza wasiya kugwila.

Kukonza kwake ndi nchito ya mphindi zocepa. Dulani pulagi yakale, ndipo yambani mwalowetsa civundikilo ca yatsopano pa nthambo, cifukwa mukaiwala mudzamasulanso zonse. Sendani khungu lakunja mosamala, potani timawaya twa mkuwa kumbali, kenako sendani waya wapakati. Wapakati muuwochelele ku kacitsulo kosongoka, wopotawo ku mphete, ndipo ziwilizi zisakhudzane ngakhale ndi kawaya kamodzi. Ngati mulibe soldering iron, amisili okonza mawailesi pa msika amaidziwa bwino nchitoyi. Musaiwale kawaya kacitatu kopanda pulagi, kamene kamamangidwa pa sikulu yolembedwa GND. Mitu iwili ija ilowe pamene palembedwa PHONO, osati AUX, apo ayi mau adzamveka ocepa ndi oonda.

Musanagulitse galamafoni ija pa sikelo, ionetseni kwa mmisili. Mukakonza, itanani agogo asankhe lekodi yoyamba, ndipo afunseni kumene anaigula ndi amene anavina naye.