Hema wa pa Mvera: Tikukumbukira 28 Novembala 1889

Chaka chilichonse mitambo ya mvula yoyamba ikayamba kuunjikana pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mtima wanga umabwerera ku Mvera. Panali pa 28 Novembala 1889 pamene abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed, ochokera ku South Africa, anakhoma hema wawo m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni. Pa hema ameneyo ndi pamene panaphukira mpingo umene lero timautcha Sinodi ya Nkhoma. Mishoni ya Kongwe inatsatira mu 1894, ya Nkhoma mu 1896, ndipo mu 1926 mpingowu unalowa mu CCAP.

Tsikuli timalidziwa chifukwa amishoniwo analilemba. Koma mbiri ya Mvera inayamba kale hemayo asanakhomedwe. Achewa anali atalima mapiri amenewa kwa mibadwomibadwo, ndipo Angoni anawapeza pomwepo. Ngakhale chifukwa chimene Chiwere analolera alendowo, anthu amachifotokoza mosiyana. Ena amati ankafuna ulemu wokhala ndi mzungu pakhomo pake, ena amati ankafuna bwenzi pa nthawi ya nkhondo, pamene akhristu amati linali dzanja la Mulungu.

Chimene chimandiwawa ndi ichi: katundu wa mishoni ankachokera kunyanja, ku Domira Bay, n'kukwera zitunda zonsezi pamutu pa amtengatenga. Panali amayi otunga madzi, amuna oumba njerwa ndi kudula mitengo, ana oyamba kukhala pansi kuphunzira a, e, i, o, u. Amenewa ndi agogo athu. Mayina a amishoni timawatchula pa guwa, koma a iwowa ambiri anapita nawo kumanda.

Sitikuchotsa ulemu wa Murray ndi Vlok, pakuti anasiya kwawo n'kudzatipatsa sukulu ndi Mawu. Tikungoti mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Mvera linasenzedwa ndi ambiri.

Samuel Ntara anatisonyeza njira pamene anamvetsera akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa. Inu achinyamata a kwa Chiwere, kwa Msakambewa ndi ku Ntchisi, foni muli nazo m'manja. Khalani pakhonde ndi agogo anu, muwafunse, muwajambule mawu, mayinawo muwalembe akadali moyo.