Mama Kadzamira ndi mlandu wa ku Thambani

Ku America kuli mkulu wina, Carl Sferrazza Anthony, amene ntchito yake n'kufufuza ndi kulemba mbiri ya akazi a mapulezidenti. Kuno kwathu, wofuna ntchito yotereyi ayambe ndi mayi amene sanali mkazi wa pulezidenti n'komwe: Mama Cecilia Kadzamira.

Anali namwino pachipatala cha Kamuzu ku Limbe. Kenaka anapatsidwa udindo wa Official Hostess, n'kudzatsogoleranso bungwe la CCAM, Chitukuko Cha Amayi m'Malawi. Malume awo anali a John Tembo. Ndiye mukuona nokha kuti wofuna kukumana ndi Ngwazi ankadzera khomo liti.

Ife a ku Mwanza dzinali timalikumbukira mwina. Mu Meyi 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa pamsewu wa ku Thambani. Boma linati ndi ngozi ya galimoto, koma komiti yofufuza yomwe a Muluzi anakhazikitsa mu 1994 inapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Mu 1995 Kamuzu, a Tembo ndi Mama anazengedwa mlandu wa imfazi, khothi silinawapeze olakwa.

Apa ndi pamene wolemba mbiri amatuluka thukuta. Chigamulo chilipo, n'chachilungamo kuchitchula. Koma amasiye aja sanaloledwe ngakhale kulira maliro bwinobwino, ndipo ine ndikanakonda buku la Mama likhale ndi mutu wonse wa azimayi amenewo.