Badminton ndi Ana a ku Chongwe

Masewera a badminton, amene analandiridwa pa mpikisano wa Commonwealth ku Kingston mu 1966, nadzakhazikika pa Olimpiki ku Barcelona mu 1992, sanatilambalale ife a ku Zambia, pakuti mu 2008 Eli Mambwe ananyamula mbendera ya mtundu wathu mumtima, nakaimirira pabwalo la ku Beijing.

Chondiwawa nchakuti bwalo lalikulu la ndege, limene lero likutchedwa Kenneth Kaunda, lili m'boma la Chongwe momwe muno, kotero kuti akatswiri opita kukapikisana kutsidya kwa nyanja amangodutsa pamwamba pa minda yathu ya chimanga, ana athu ali kukamwa yasa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Inu aphunzitsi osulidwa ku Chalimbana, chonde imikani maukonde m'masukulu mwanu, anawa agwire raketi akadali aang'ono.