Mayi amene adajambula nkhondo asadaionepo

M'chaka cha 1874 chinamtindi cha anthu chidakhamukira ku Royal Academy mumzinda wa London, mpaka akuluakulu adachita kuikapo wapolisi woti azilondera chithunzi chimodzi. Chithunzicho, chotchedwa The Roll Call, adachijambula ndi Elizabeth Thompson, mayi wa zaka 27 amene adali asadapondepo kubwalo lankhondo.

Kodi anthuwo ankakanganirana kuona chiyani? Masiku amenewo akatswiri ambiri ankakonda kujambula akazembe atakwera pamahatchi, malupanga ali waliwali. Elizabeth adasankha asilikali wamba a nkhondo ya ku Crimea, ya 1853 mpaka 1856. Nkhondo yatha kumene, iwo afola pachipale chofewa, ena amanga nsanza pamabala, sajeni akuitana maina kuti adziwe otsala. Mmodzi wagwa chafufumimba pamapazi pa anzake. Pofuna kuti asalakwitse ngakhale batani la malaya, mayiyu adasakasaka yunifomu zakale ndi kuitana anthu amene adakhalapo asilikali kuti aziima pamaso pake iye akujambula.

Mfumukazi Victoria idachigula chithunzicho, choncho munthu wamba sakadachionanso mwachisawawa. Apa mpamene padalowera amisiri ogoba. Frederick Stacpoole adachizokota pachitsulo, ndipo akapaka inki nkudinda papepala chinkatuluka chakuda ndi choyera. Mapepala amenewa ndiwo adafika m'nyumba za anthu, ndipo lero osunga zinthu zakale amawafunafuna.

Kutchuka konseku sikudamutsegulire khomo. Mu 1879 adalephera ndi mavoti awiri okha kulowa m'bungwe la Royal Academy, ndipo sadalowemonso mpaka imfa yake mu 1933. Ine, amene ndakhalitsa m'maofesi aboma, zoterezi sizindidabwitsa.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chithunzi cha Rorke's Drift cha 1880, chomwe mfumukazi yomweyo idachita kumupempha. Nkhondoyo idamenyedwa mu Januwale 1879, patangopita maola ochepa Azulu atagonjetsa Angerezi pa Isandlwana. Elizabeth, yemwe panthawiyi ankadziwika ndi dzina la mwamuna wake William Butler, adakumana ndi asilikali amene adapulumuka, najambula nkhope zawo mmodzimmodzi moti achibale akadatha kuwaloza. Nanga Azulu, amene adafa mazanamazana pomwepo? Ali kumphepete, mumdima ndi mu utsi, opanda nkhope yoti munthu nkuikumbukira. Chifundo chija adachionetsa pa anyamata a ku Crimea chidathera pampanda wa matumba a chimanga umene Angerezi adabisalako.

Komatu sindingamunene kuti ankaombera m'manja nkhondo zolanda maiko. M'chaka cha 1879 chomwecho adaonetsa The Remnants of an Army, m'mene dokotala William Brydon akufika ku Jalalabad mu 1842 ali yekhayekha, pahatchi yolefuka, pafupifupi gulu lonse limene adachoka nalo ku Kabul litathera m'njira.