Zaida wa ku Seville: kodi banja lachifumu la ku Britain ndi zidzukulu za Mtumiki (SAW)?

Ambiri mwa inu mudaulandirapo pa WhatsApp uthenga wonena kuti malemu Mfumukazi Elizabeth II anali mdzukulu wa Mtumiki Muhammad (SAW). Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1986 Harold Brooks-Baker wa ku Burke's Peerage adailemba m'kalata yopita kwa nduna yaikulu Margaret Thatcher, ndipo mu 2018 nyuzipepala ya ku Morocco yotchedwa Al-Ousboue idaidzutsanso. Mzere wonse wa makolo umene amautchulawo watsamira pa mayi mmodzi wa ku Andalus, dzina lake Zaida. Mayiyu akangochotsedwa pa mzerewo, nkhani yonse yagwa.

Zaida adakhala ndi moyo panthawi imene Andalus, dziko la Asilamu ku Spain, idagawikana m'maufumu ang'onoang'ono. Wamphamvu mwa maufumuwa unali wa Seville (Ishbiliya), wolamulidwa ndi al-Mu'tamid ibn Abbad, mfumu yodziwikanso ndi ndakatulo. Mfumu yachikhristu Alfonso VI italanda Toledo mu 1085, al-Mu'tamid ndi mafumu anzake adaitana Yusuf ibn Tashfin, mtsogoleri wa ma Murabitun a ku Morocco. Adagonjetsa Alfonso pa nkhondo ya Zallaqa mu 1086, koma patapita zaka zochepa alendo aja adatembenukira amene adawaitana. Mu Malichi 1091 adalanda Córdoba ndi kupha bwanamkubwa wake, al-Fath al-Ma'mun, mwana wa al-Mu'tamid. Mu Sepitembala chaka chomwecho Seville nayo idagwa.

M'chipwirikiti chimenechi ndi momwe Zaida adapezeka kunyumba yachifumu ya Alfonso. Adabatizidwa nalowa Chikhristu, ndipo adamuberekera mwana wamwamuna, Sancho. Mpaka apa mabuku a mbali zonse ziwiri akugwirizana. Kusiyana kukuyambira pa funso loti iye anali ndani wake wa al-Mu'tamid.

Pelayo, bishopu wa ku Oviedo amene adakhalako masiku omwewo, adalemba kuti Zaida anali mwana wamkazi wa mfumu ya Seville, ndipo kuti atabatizidwa adatchedwa Elisabeth, kapena kuti Isabel. Olemba achikhristu a pambuyo pake adatsatira zomwezo nkumaonjezera zawo. Rodrigo Jiménez de Rada, m'zaka za m'ma 1200, adati dzina lake la ubatizo linali Maria, ndiponso kuti adabwera ku ukwati ndi malinga angapo ngati mphatso. Kwa zaka mazana ambiri anthu adakhulupirira zimenezi.

Mu 1934 katswiri wa ku France, Évariste Lévi-Provençal, adatulutsa ndime ya m'buku la Chiarabu la al-Bayan al-Mughrib, lolembedwa ndi Ibn Idhari wa ku Marrakesh cha m'ma 1312. Ndimeyi ikufotokoza kuti mayi wa Sancho anali mkazi wa al-Ma'mun uja adaphedwa ku Córdoba. Choncho kwa al-Mu'tamid anali mpongozi, osati mwana wobereka. Akatswiri ambiri lero akutsatira Ibn Idhari ngakhale adalemba mochedwa kuposa Pelayo. Chifukwa china nchoti adagwiritsa ntchito mabuku akale a Asilamu amene ankalidziwa bwino banja la Banu Abbad. China nchoti nkovuta kumvetsa kuti mfumu yachisilamu, imene idangomenyana ndi Alfonso ku Zallaqa, ikanapereka mwana wake kuti akabatizidwe. Pomwe mayi wamasiye wothawa nkhondo nzomveka. Pelayo yekhayo amadziwikanso ndi mbiri yosintha zikalata pofuna kukweza dayosizi yake.

Ine sindikuona kuti pamenepa pakufunika bodza lamkunkhuniza. Kwathu kuno nako, mlendo akamva gogo akutchula mkazi wa mwana wake kuti "mwana wanga", akhoza kukalemba m'buku kuti ndi mwana wobereka. Koma vuto ndi ili: ngati Zaida anali mtengwa chabe m'banjamo, ndiye kuti magazi a Banu Abbad mulibe mwa iye, ndipo mabuku a Chiarabu satchula bambo wake kapena mayi wake. Ngakhale dzina loti Zaida, akatswiri ena amati lidachokera ku liwu loti Sayyida, lomwe ndi la ulemu ngati mmene timanenera kuti "mayi".

Tiyerekeze kuti Pelayo ndiye adalondola. Mzere uja sungafikebe kwa Mtumiki (SAW). Banu Abbad ankadziwerengera ku fuko la Lakhm, la mafumu akale a ku al-Hira ku Iraq. Sanali ma Quraysh, sanali Banu Hashim. M'nthawi imene kukhala mdzukulu wa Fatima (RA) kunkapatsa munthu ulemu waukulu pa ndale, alakatuli a kunyumba yachifumu ya Seville ankatamanda mafumu awo ndi dzina la Lakhm. Amene amajambula mzere wa pa WhatsApp amangolumikiza qadi Abu al-Qasim ibn Abbad, yemwe adayambitsa ufumuwo mu 1023, kwa Hasan ibn Ali (RA) popanda buku lakale loikira umboni. Wophunzira aliyense wa Hadith akudziwa dzina limene timapereka ku sanad yoduka pakati. Qur'an, mu Surat al-Ahzab ayah 5, ikulamula kuti anthu aziitanidwa ndi maina a abambo awo enieni, ndipo nchifukwa chake ma ulama a maphunziro a nasab sankalandira chibale chongomvera.

Mbali ya kumunsi, yochokera kwa Zaida kubwera kuno, nayonso ili ndi mpata. Sancho, mwana yekhayo amene tikutsimikiza kuti ndi wake, adaphedwa pa nkhondo ya Uclés mu 1108 ali mnyamata, osasiya mwana. Alfonso atamwalira mu 1109 mpando udapita kwa Urraca, mwana wa mkazi wina, Constance wa ku Burgundy, ndipo mafumu a Castile adachokera mwa iyeyu. Amene akufuna kupitiriza mzere wa Zaida amadalira ana awiri aakazi, Sancha ndi Elvira, obadwa kwa Mfumukazi Isabel, imene Alfonso adaikwatira cha m'ma 1100. Kodi Isabel ameneyu ndi Zaida yemwe uja atakwatiwa mwalamulo? Akatswiri ena amavomera poona kufanana kwa dzina, ena amakana. Pelayo mwini wake adawalemba ngati anthu awiri: Isabel pa mndandanda wa akazi a ukwati, Zaida pa akazi apambali. Elvira adakwatiwa ndi Roger II wa ku Sicily. Mzere wopita ku England amaudutsitsa mwa Sancha mpaka kwa Isabella wa ku Castile, amene adakwatiwa ndi Edmund wa ku Langley, mwana wa Mfumu Edward III, mu 1372.

Al-Mu'tamid adatengedwa ukapolo ndi banja lake kupita ku Aghmat, kufupi ndi Marrakesh, komwe adamwalira mu 1095 ali mu umphawi, ana ake aakazi akupota ulusi kuti apeze chakudya. Manda ake ndi a mkazi wake I'timad alipobe kumeneko, ndipo anthu amakawaona.