Mwanamphepo ndi Ife Amai a Chigwirizano

Pokumbukira zaka za Chigwirizano chathu, tiloleni tinenepo nkhani imene kale tinkangonong'onezana kuseri kwa tchalitchi, ndiyo ya mankhwala a zitsamba a ife amai.

Amishoni atafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, anapeza agogo athu akuchirira m'chikuta, m'manja mwa azamba. Mai wosaona mwana ankamwa mizu yoviika mumphika. Wopotoledwa m'mimba ali kumwezi anali ndi yakenso. Wofuna kupumako kubala ankamanga m'chiuno chingwe cha mfundo. Mpingo unaletsa zithumwa ndi zingwe, pakuti zinkaoneka. Koma zakumwa sunazione, chifukwa zinkamwedwa usiku.

Wotiliza koposa ndiye mwanamphepo. Mizu yake amaiviika m'madzi kapena kuithira m'phala, napatsa mai woyembekezera kuti matenda afulumire. Amafulumiradi, pakuti chiberekero chimafinya ndi mphamvu, nthawi zina njira isanatseguke. Tsono muyeso wake ndi wa m'maso chabe: uyu apereka chikho, uyo kapu. Mwana amabanika, ndipo pena chiberekero chimang'ambika, mai nataya magazi. Ife tinaika m'manda mnzathu wa m'kwaya, amene apongozi ake anamzembetsera mankhwalawa kuchipatala m'botolo la thobwa. Apongoziwo anali ovala yunifolomu monga ife, ndipo anachita izi pomvera chisoni mtsikana wobuula. Pa maliro tinaphika, tinaimba usiku wonse, koma dzina la mankhwala palibe analitchula.

Boma nalo linasinthasintha maganizo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 linkaphunzitsa azamba ukhondo. Mu 2007 linawaletsa kuchiritsa. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anati asaletsedwe koma aphunzitsidwe. Mu 2012 Mai Joyce Banda anagwirizana ndi mafumu pa za uchembere wabwino, ndipo m'midzi yambiri wochirira pakhomo ankalipitsidwa mbuzi kapena ndalama. Azamba sitiwanyoza ai. Ambiri a ife anatilandira ndi iwowo, pamene chipatala chinali ulendo wa tsiku lathunthu.

Chiyambire maliro aja, alangizi athu polangiza wa mimba yoyamba amamtchula mwanamphepo ndi dzina lake, apongozi ali pomwepo. Amauzanso mai wochucha magazi kapena wa chotupa m'mimba kuti akapimidwe msanga asanayambe kumwa mizu. Lachinai lina timasenza ufa, nkhuni ndi sopo kunka nazo kwa amai ali kuchidikiro, ndipo pocheza timafunsa mwaulemu zimene zili m'mabotolo.