Njira zachidule za pa kiyibodi

Njira zachidule za pa kiyibodi ndi kudina mabatani awiri kapena atatu nthawi imodzi kuti kompyuta ichite ntchito yomwe ikanafuna kuyendetsa mawusi kangapo. Njira zambiri zimayamba ndi batani la Ctrl, Alt, Shift kapena la Windows. Munthu amayamba wakanikiza batani loyambalo osalisiya, kenako n'kudina linalo kamodzi. Pa makompyuta a Apple, batani la Command ndi lomwe limagwira ntchito zambiri za Ctrl.

Mbiri

Nzeru yodula, kukopera ndi kumata mawu inachokera kwa Larry Tesler ndi Tim Mott, omwe ankagwira ntchito ku Xerox PARC ku America m'zaka za m'ma 1970. Kampani ya Apple inaika ntchitozi pa zilembo X, C ndi V, ndipo Z inakhala yobwezera, pa makompyuta ake a Lisa mu 1983 ndi Macintosh mu 1984. Zilembo zinayizi zili moyandikana mumzere wapansi, choncho dzanja lamanzere limazifikira mosavuta. Microsoft inatengera njira yomweyi mu Windows 3.1 ya mu 1992. Ctrl+Alt+Delete anaipanga David Bradley pokonza kompyuta ya IBM PC yomwe inatuluka mu 1981.

Njira zodziwika kwambiri

Ctrl+C: kukopera zomwe zasankhidwa
Ctrl+X: kudula
Ctrl+V: kumata
Ctrl+Z: kubweza zomwe zangochitika kumene
Ctrl+A: kusankha zonse
Ctrl+S: kusunga fayilo
Ctrl+P: kusindikiza
Ctrl+F: kufufuza liwu
Alt+Tab: kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa inzake

Njira zosadziwika kwenikweni

Mu Microsoft Word, Shift+F3 imasintha mawu osankhidwa kukhala a zilembo zazikulu kapena zazing'ono, popanda kuwalembanso. Ctrl+Enter imayambitsa tsamba latsopano, ndipo ndi yabwino kuposa kudina Enter kambirimbiri, chifukwa masamba sasokonekera munthu akawonjezera mawu pamwamba. Mu Excel, Alt ndi chizindikiro cha = zimaphatikiza manambala a mumzere, pamene Ctrl ndi chizindikiro cha ; zimalemba deti la tsikulo. Pa Chrome ndi Firefox, Ctrl+Shift+T imabwezeretsa tsamba lomwe latsekedwa mwangozi. Kuyambira mu 2018, Windows 10 ili ndi Windows+V yomwe imawonetsa zinthu zingapo zomwe zinakoperedwa, koma imayenera kuyatsidwa kaye.

Kulemba chilembo cha ŵ

Chilembo cha ŵ, chomwe chimapezeka m'dzina la Malaŵi, m'mabuku akale a Chichewa komanso m'Chitumbuka, palibe pa kiyibodi wamba. Mu Word munthu amalemba 0175 n'kudina Alt+X, ndipo manambalawo amasanduka ŵ. Chachikulu, Ŵ, chimatuluka ndi 0174. Ngati chilembocho chili pakati pa liwu, ndi bwino kusankha kaye manambala anayiwo, chifukwa Word imatha kuwerengera limodzi zilembo za a mpaka f zomwe zili kumbuyo kwake n'kutulutsa chizindikiro china.

Kufunika kwake kumidzi

M'madera a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, monga Namitete ndi Mpingu pamsewu wa M12 wopita ku Mchinji, komanso Nsaru ndi Kabudula, anthu ambiri alibe kompyuta yawoyawo. Amabwerekana ya kusukulu, ya kuofesi kapena amapita kumashopu otayipa ndi kupanga fotokope. Pamalo otere, njira zitatu ndi zofunika kuposa zonse. Ctrl+S imateteza ntchito magetsi akathima mwadzidzidzi, chifukwa kompyuta ya patebulo imazima nthawi yomweyo ndipo zomwe sizinasungidwe zimatha kutayika. Windows+L imatseka sikirini munthu akamatuluka, kuti wina asawone malikisi a ophunzira kapena kalata ya mwini. Ctrl+Shift+N pa Chrome imatsegula zenera losasunga mbiri ya masamba, ndipo likatsekedwa akaunti ya Gmail kapena Facebook siitsala yotsegula. Njirazi zimathandizanso mawusi ikawonongeka, komanso zimapulumutsa nthawi kwa ophunzira a phunziro la kompyuta pa mayeso a MSCE omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB.

Zoyenera kusamala

Shift+Delete imafufuta fayilo osaiponya mu Recycle Bin, ndipo Ctrl+Z siyingaibweze. Mafayilo a mu fulashi nawonso kawirikawiri sapita mu Recycle Bin ngakhale munthu atadina Delete yokha. Pa malaputopu ambiri, mabatani a F1 mpaka F12 amafuna kudina limodzi ndi Fn. Kudina Shift kasanu motsatizana kumabweretsa funso loyatsa Sticky Keys, njira yothandiza anthu omwe sangakanikize mabatani awiri nthawi imodzi. Ikayatsidwa mosadziwa, ena amaganiza kuti kiyibodi yawonongeka.